Nthambi za pamseu wa ku Nsefu ndi kabatani kofiira

Aliyense amene anatsikapo kuchigwa cha Luangwa kuchokera ku Chipata amadziwa kuti nthambi yaiwisi ikagona pakati pa mseu, dalaivala wanzeru amachepetsa liwiro asanafunse n'komwe kuti kwagwanji. Kumeneko, m'dziko la Mfumu Yaikulu Nsefu ndi mafumu ena a Akunda, nthambi yoteroyo imanena chimodzi mwa zinthu zitatu. Mwina kutsogoloko kuli lole yofa. Mwina pamudzi wapafupi pagwa maliro. Mwinanso njovu zangodutsa kumene, zikuthyola mitengo ya mupani n'kumataya zotsala, ndipo imodzi idakali kuseri kwa chitsamba. Pa zitatu zonsezi chochita n'chimodzi, kuyenda pang'onopang'ono maso ali patsogolo.

Ife a m'tauni tinakula ndi chenjezo lina, kabatani kofiira ka pa dashboard kamene kamayatsa ma indiketa onse anayi nthawi imodzi. Ambiri mwa ife timaganiza kuti tikakadina ndiye kuti tamaliza ntchito. Mbiri ya mseu wa kum'mawa ikutiuza kuti kabataniko kanabwera mochedwa, kanapeza nthambi ilipo kale, ndipo mpaka lero sikanailande ntchito yake yonse. Zifukwa zake n'zofunika kwa aliyense amene wangotenga laisensi, kapena amene akusunga ndalama zogulira Vitz yake yoyamba.

Motoka isanafike

Chigwa cha Luangwa chinachedwa kuona gudumu. Kashembe, ntchentche yoluma ija imene imafalitsa matenda a kaodzera, salola ng'ombe kukhalitsa kumeneko, choncho ngolo zimene zinkathandiza anthu kumtunda kwa Angoni sizinkatsika kuchigwa. Katundu ankayenda pamutu. Amalonda a minyanga ya njovu, Abisa ndi anzawo, ankawoloka Luangwa m'magulu ataliatali a amtengatenga. Mpwitikizi Francisco de Lacerda anawoloka mtsinjewu mu 1798 popita kwa Kazembe, ndipo David Livingstone anauwoloka kumapeto kwa 1866. Onsewa ankayenda m'njira za eni dziko.

Gulu la apaulendo likakhala lalitali, otsogola ankafika pamphambano pamene otsalira akadali kutali, osaoneka. Njira yowauzira inali yapafupi. Ankathyola nthambi n'kuigoneka mopingasa panjira imene sayenera kuitsata, kapena kukanda mzere pansi. Wobwera pambuyo akaona tsamba laliwisi ankadziwa kuti munthu wadutsa posachedwa ndipo wamusiyira uthenga. Tsamba likakhala lofota, ankadziwa kuti uthengawo ndi wakale.

Nthambi za maliro nazo n'zachikhalire. Kum'mawa kuno ndi ku Malawi, pamudzi pakagwa zovuta anyamata amayala masamba pamseu mbali zonse ziwiri za nyumba ya siwa. Wapanjinga amatsika n'kumakankha, wovala chipewa amavula, wamotoka amatsitsa wailesi n'kudutsa mwakachetechete. Palibe anachita kulemba lamulo limeneli, koma ndi ochepa amene amalimba mtima kuliphwanya. Choncho pamene malole oyamba anafika, anthu anali nacho kale chizindikiro chimene aliyense ankachimva, chouza wodutsa kuti patsogolopa pali zina, adekhe.

Mseu wa kum'mawa ndi malole oyamba

Tauni ya Fort Jameson, imene lero ndi Chipata, inakhazikitsidwa mu 1899 ndipo inali likulu la North-Eastern Rhodesia kufikira 1911. Kwa zaka zambiri inkayang'ana kwambiri ku Nyasaland kuposa kumadzulo, chifukwa pakati pake ndi njanji panali mapiri ndi mtsinje wa Luangwa. Mseu umene timautcha Great East Road unatsegulidwa kuti ulumikize chigawochi ndi njanji ku Lusaka, mtunda woposa makilomita 550. Mlatho woyamba pa Luangwa unamangidwa mu 1932, ndipo Lusaka inakhala likulu la dziko mu 1935.

Mseuwo unali wafumbi, wopapatiza, wokhotakhota m'mapiri a Manenekela. Malole amene ankanyamula fodya, chimanga ndi anthu opita kukafuna ntchito kumigodi analibe magetsi ophethira. Dalaivala akafuna kukhota ankatulutsa mkono pawindo. Mamotoka ena aang'ono anali ndi kamkono koyaka kamene kankatumphuka pambali pa chitseko. Lole ikafa, inkafa ndithu. Sipeyala inkayenera kuchokera ku Fort Jameson kapena ku Lusaka, ndipo masiku ankatha anthu akuphika nsima pambali pa mseu.

Apa ndi pamene ntchito ya loleboyi inadziwika. Lole ikangoima, iye ankalumpha n'kuika mwala kuseri kwa tayala kuti isabwerere m'mbuyo paphiri. Kenako ankatenga chikwanje, kusadza nthambi, n'kuyenda nazo chammbuyo kukaziyala kusanafike pokhota. Usiku ankakoleza moto. Sanaphunzire zimenezi m'buku. Anangotenga chizindikiro cha kumudzi n'kuchiika pamseu wa motoka, ndipo chinagwira ntchito chifukwa wobwera pambuyoyo nayenso anakulira kumudzi.

Ku Nsefu motoka inabwera ndi alendo odzaona nyama. Mu 1950 a Norman Carr, amene anagwirapo ntchito yoteteza minda ya anthu kwa njovu m'chigwamo, anagwirizana ndi Mfumu Yaikulu Nsefu kuti gawo lina la dziko lawo lipatulidwe likhale malo a nyama, ndipo ndalama za alendo zizipita kwa eni dzikolo. Msasa wa Nsefu, wa nyumba zozungulira zimene zilipo mpaka lero, unamangidwa chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950 ndipo umadziwika kuti ndiwo msasa woyamba wa alendo odzajambula nyama m'dziko lino. Alendowo ankatsika kuchokera ku Fort Jameson m'chilimwe mokha, pakuti dothi lakuda la m'chigwa likanyowa limameza motoka mpaka m'chiuno. Mu 1972 boma linakhazikitsa South Luangwa National Park, ndipo gawo la Nsefu, limene lili kum'mawa kwa mtsinje, ndi mbali ya pakiyo.

Pamiseu yoteroyo motoka yofa sinali pangozi yaikulu yogundidwa. Mamotoka anali owerengeka, ndipo mabampu ankaletsa aliyense kuthamanga. Fumbi la motoka yobwera linkaoneka ikadali kutali. Chimene munthu ankaopa chinali ludzu, usiku ndi mkango.

Kumene ma hazard anachokera

Magetsi ophethira anabadwira kumaiko amene liwiro linayamba msanga kupha anthu. Kampani ya Buick ku America inayamba kuika ma indiketa amagetsi pamamotoka ake mu 1939. Patapita zaka, akatswiri anaona kuti ngati swichi imodzi ingayatse mababu onse anayi pamodzi, motoka yoima ingasiyane ndi motoka yoyenda. Vuto linali lenileni. Usiku magetsi ofiira akumbuyo amaoneka chimodzimodzi kaya motoka ikuyenda kaya yaima, ndipo diso la munthu limachedwa kuzindikira kuti chinthu chili patsogolocho sichikusuntha.

America itamanga miseu ikuluikulu yothamangiramo, ngozi zogunda motoka yoima zinachuluka. Mu 1966 dzikolo linakhazikitsa lamulo lalikulu la chitetezo cha mamotoka, ndipo kumapeto kwa zaka za m'ma 1960 mamotoka atsopano kumeneko ankatuluka m'fakitale ali ndi ma hazard. Maiko a ku Ulaya ndi Japan anatsatira. Mu 1968, pamsonkhano wa ku Vienna, maiko anagwirizana za malamulo a pamseu, ndipo limodzi mwa malamulowo linali lakuti motoka yoima pamseu kunja kwa tauni, pamalo pamene obwera sangaione msanga, iyenera kuchenjezedwa ndi chizindikiro choikidwa patali pokwanira. Chizindikiro chimenecho ndi triangle yofiira yonyezimira. Kachithunzi kamene kali pakabatani ka ma hazard ndi triangle yomweyo.

Tione bwino apa. Anthu amene anapanga ma hazard sanaganizepo kuti magetsiwo akwanira okha. Anawapanga kuti agwire ntchito m'masekondi oyamba, pamene dalaivala akupatuka ndi pamene akutuluka, ndipo analamula kuti chinthu china chinyamulidwe pamanja n'kukaikidwa kutali ndi motoka. Nzeru ya ku Vienna mu 1968 inali yomweyo imene loleboyi wa pa Manenekela ankaigwiritsa ntchito zaka makumi atatu m'mbuyomo. Kusiyana kwake n'kwakuti wina ananyamula chitsulo chonyezimira, wina nthambi.

Magetsiwa anapangidwa mosamala. Amaphethira pakati pa ka 60 ndi ka 120 pamphindi, chifukwa kuwala kozimazima kumakoka diso kuposa kuwala kongoyaka. Amagwira ntchito ngakhale kiyi itachotsedwa, kuti dalaivala athe kutseka motoka n'kuchoka. Ndipo kabataniko kamaikidwa poonekera, nthawi zambiri pakati pa dashboard, kuti ngakhale wokhala pambali pa dalaivala akafikire.

Zaka za mathiraki ndi zaka za ma Hiace

Pamene maiko olemera ankakonza malamulo amenewa, Zambia inali ndi mavuto ake. Ian Smith atalengeza ufulu wa Rhodesia pa 11 November 1965, mafuta a dziko lino anasiya kubwera kudzera kummwera. Mathiraki mazanamazana anayamba kunyamula migolo ya mafuta kuchokera ku Dar es Salaam pa Great North Road, mseu wamatope umene madalaivala anaupatsa dzina lakuti Hell Run chifukwa cha kuchuluka kwa ngozi. Paipi ya TAZAMA inatsegulidwa mu 1968, ndipo chaka chomwecho mlatho watsopano unamalizidwa pa Luangwa. 

Mtengo wa kopa utagwa pakati pa zaka za m'ma 1970, ndalama zakunja zinasowa ndipo masipeyala anasowa nazo. Basi ya UBZ kapena lole ya chimanga inkatha kugona pamseu sabata yathunthu. Motoka yoteroyo, ngakhale ikanakhala ndi ma hazard, batire ikanatha usiku woyamba. Nthambi ndiyo inkalondera.

Zinthu zinasintha pambuyo pa 1991. Boma linatsegula malonda, UBZ inatha pakati pa zaka za m'ma 1990, ndipo ma Hiace ndi ma Corolla ogwiritsidwapo kale ntchito anayamba kusefukira kuchokera ku Japan kudzera ku Dar es Salaam ndi Nakonde, ena kudzera ku Durban. Iliyonse inabwera ndi kabatani kofiira kaja. Mukayang'ana pansi pa dashboard, kumapazi a wokhala pambali pa dalaivala, mumapeza kogwirira kakang'ono, nthawi zina kali ndi kamtengo kofiira ngati kandulo. Ku Japan lamulo limafuna kuti motoka izikhala ndi muuni wa ngozi umenewo, woti munthu auyatse n'kukauika pamseu kumbuyo kwa motoka yofa. Ngakhale kwa opanga Toyota, ma hazard okha saonedwa ngati okwanira.

Mu 2002 Nyumba ya Malamulo inavomereza Road Traffic Act, lamulo limene linakhazikitsa RTSA. Lero wapolisi pa roadblock amafunsa ma triangle awiri, ndipo ambiri mwa ife timawagula pachifukwa chimenecho basi. Amakhala m'buti, pansi pa tayala la sipeya, osatsegulidwa m'pulasitiki yake. Mu 2016 boma linaletsa mabasi onyamula anthu kuyenda pakati pa 21 koloko ndi 5 koloko m'mawa pofuna kuchepetsa ngozi za usiku. Lamulolo linavomereza chinthu chimene madalaivala akale ankadziwa, kuti mseu wathu mdima ukagwa umakhala mseu wina.

Tala itafika kuchigwa

Kwa zaka zambiri mseu wa Chipata kupita ku Mfuwe, woposa makilomita 100, unali chilango. Tala inali pakati pa bwalo la ndege la Mfuwe ndi geti ya paki, koma mbali yaikulu ya ulendowo inali fumbi ndi mabampu. M'zaka za m'ma 2010 mseuwo unaikidwa tala, ndipo ulendo umene unkadya theka la tsiku unafupika kwambiri. Odwala amafika msanga ku Chipata, thonje limatuluka mosavuta, ndipo mabasi amachoka ku Lusaka n'kukagona ku Mfuwe tsiku lomwelo. Palibe amene akufuna kubwerera ku mabampu.

Koma tala inabwera ndi masamu ake. Motoka yoyenda makilomita 40 paola, monga zinkakhalira pafumbi, imadutsa mamita 11 pasekondi. Dalaivala akaona chinthu, n'kuponda mabuleki, amaima asanathe mamita 30. Motoka yoyenda makilomita 100 paola imadutsa mamita pafupifupi 28 pasekondi. Sekondi imodzi ndi theka imene munthu amatenga kuti azindikire zimene waona ndi kusuntha phazi imadya mamita oposa 40 mabuleki asanagwire. Mabulekiwo, pa tala youma ndi matayala abwino, amafunanso mamita ena oposa 50. Zonse pamodzi ndi pafupifupi bwalo lathunthu la mpira. Magetsi a dimu amaunika mamita 50 kapena 60 okha. Ndiye kuti dalaivala amene wachita dimu chifukwa cha motoka yobwera kutsogolo, n'kukumana ndi lole ya thonje yofa yopanda nyali, amaiona nthawi itatha kale.

Apa ndi pamene ma hazard amaposa nthambi kutalitali. Pamseu wowongoka usiku, kuphethira kwake kumaoneka munthu akadali mamita mazanamazana. Nthambi usiku ndi chinthu chakuda pa tala yakuda, ndipo wothamanga amaizindikira ataiponda kale. Koma pokhota, kapena kuseri kwa chitunda, kuwala sikukhota nawo. Lole ikafera mamita 30 kuchokera pokhota, ma hazard ake amachenjeza munthu amene watsala ndi sekondi imodzi. Chenjezo limene lingamupulumutse ndi lokhalo limene wina walinyamula n'kukaliika kusanafike pokhotapo.

Batire nayo ili ndi malire. Pamamotoka a mababu akale, babu lililonse la indiketa limadya mawati 21, ndipo anayi pamodzi ndi mawati 84 nthawi iliyonse akayaka. Batire yabwino imapirira maola angapo, yotopa siifika pakati pa usiku. Ndipo ngati chimene chapha motokayo ndi batire yomweyo kapena alitaneta, kabatani kofiira kamangokhala chokongoletsa.

Triangle nayo ili ndi zofooka zake. Yapulasitiki yopepuka imagwa ndi mphepo ya thiraki yoyamba kudutsa. Yabwino ikasiyidwa usiku imatha kupeza mwini wina. Madalaivala a mathiraki amadziwa zimenezi, n'chifukwa chake mpaka lero pa Great East Road mumaona zonse zitatu pamodzi, nthambi kutali, triangle pafupi, magetsi pathiraki.

Chenjezo likatha mphamvu

Chizindikiro chimagwira ntchito anthu akamachikhulupirira, ndipo nthambi ndi ma hazard zonse zayamba kunama.

Nthambi imanama ikasiyidwa. Lole yakonzedwa, yapita, koma masamba ake akadali pamseu masiku atatu. Dalaivala amachepetsa liwiro koyamba, osapeza kanthu. Kachiwiri chimodzimodzi. Kachitatu amangodutsa, ndipo tsiku limenelo lole imakhalapodi. Choopsa kuposa pamenepo ndi miyala imene inatsekera matayala. Mwala waukulu ngati mutu wa munthu ukatsala pa tala, wa Hiace angophulitsa tayala, koma wanjinga yamoto kapena wanjinga yopalasa wonyamula matumba a makala usiku sangadzukepo. Kum'mawa kuno, kumene njinga ndi motoka ya munthu aliyense, amene amalipira ulesi wa loleboyi ndi anthu amenewa.

Ma hazard amanama m'tauni, ndipo onamitsa ake ndife. Pa Cairo Road kapena pa Lumumba, minibasi imaima pakati pa mseu kukweza munthu, kondakita akuitanira, ma hazard akuphethira ngati chilolezo. Mdipiti wa ukwati wonse umayenda ukuphethira. Ena amawayatsa pamphambano kutanthauza kuti akupita molunjika. Ena amawayatsa mvula ikagwa n'kumapitiriza kuthamanga, osadziwa kuti pamamotoka ambiri ma hazard akayaka indiketa siionekanso, ndiye wam'mbuyo sangadziwe kumene akukhotera. Palinso kuphethira kawiri kothokoza munthu amene wakupatsani mpata, chizolowezi chofala ku South Africa ndi ku Japan. Chimenecho sichivulaza munthu, koma zonsezi zikaphatikizana, diso la dalaivala wa ku Lusaka limazolowera kuona magetsi anayi ophethira ngati chinthu wamba. Akafika pa Kacholola usiku n'kuona magetsi omwewo, phazi lake silithamangira ku buleki.

Miseu yathu ili ndi chinenero chake chimene sichili m'buku la RTSA. Thiraki ikayatsa indiketa ya kumanja muli kumbuyo kwake, ikukuuzani kuti musapitirire, kutsogolo kukubwera motoka. Ikayatsa ya kumanzere, ikuti njira ilipo. Usiku mamotoka akamakumana, ambiri amayatsa ya kumanja kuti mnzawo aone pamene motoka yathera. Chinenero chimenechi chimathandiza anthu tsiku lililonse chifukwa madalaivala amachilemekeza. Ma hazard ndiwo mawu aakulu kwambiri m'chinenerocho, ndipo mawu aakulu akamatchulidwa pa chilichonse amasiya kuopsa.

Vuto la ku Nsefu

Malangizo a chitetezo pafupifupi kulikonse amati motoka ikafa, anthu onse atuluke, akaime kutali ndi mseu, chifukwa motoka yoima ikagundidwa, okhala mkati ndiwo amavulala. Pa Great East Road malangizo amenewo ndi olondola. Ku Zambia timayenda kumanzere, choncho otuluka azitulukira zitseko za kumanzere, kumbali ya tchire, n'kukaima chapatali, osati kutsogolo kwa motoka kumene ingawakankhire ikagundidwa.

Kuchigwa nkhani imavuta. Midzi ya kwa Nsefu, kwa Kakumbi ndi kwa Mnkhanya ili m'dera la Lupande, kumene anthu ndi nyama amakhala moyandikana popanda mpanda. Njovu zimawoloka Luangwa madzulo kudzafuna mango ndi chimanga, mvuu zimatuluka m'madzi usiku kudzadya udzu, ndipo anthu a kumeneko amadziwa nthawi imene sayenera kuyenda wapansi. Mkati mwa paki mlendo saloledwa kuyenda wapansi popanda sikauti wa mfuti. Munthu amene motoka yamufera pafupi ndi Cropping kapena panjira ya ku Nsefu dzuwa litalowa amakhala pakati pa zoopsa ziwiri, motoka yobwera kumbuyo ndi chimene chili m'tchire.

Anthu a kumeneko amathetsa vutoli poona kumene ali. Pa tala, pamene mamotoka amathamanga, amakankhira motoka kunja kwa mseu ngati n'kotheka, kuyatsa ma hazard, n'kuika chenjezo mwamsanga atamvetsera kaye ndi kuunika ndi tochi, kenako n'kubwerera. Panjira zafumbi za m'paki, pamene mamotoka ndi ochepa ndipo amayenda pang'onopang'ono, amakhala m'motoka n'kuitana thandizo pa wailesi kapena pafoni. Kumeneko ma hazard amagwira ntchito ina, yothandiza amene akukufunafunani kuti akuoneni patali. Munthu wa m'tauni amene wapita kukacheza ku Mfuwe pa holide achita bwino kufunsa eni dera asanatsike, makamaka akaona ndowe zaziwisi za njovu ndi nthambi zothyoka kumene. Nthambi zimenezo sanaike ndi loleboyi.

Zimene zaka zonsezi zatisiyira

Tikasonkhanitsa nzeru za loleboyi, za ku Vienna ndi za opanga mamotoka, dongosolo lake limatuluka lokha. Motoka ikayamba kutsokomola kapena tayala likaphulika, ma hazard ayake nthawi yomweyo, motoka ikadayenda, kuti wam'mbuyo ayambe kuchepetsa liwiro. Liwiro lotsalalo ligwiritsidwe ntchito kutulukira kunja kwa tala, ndipo ngati n'kotheka, kupitirira pokhota, pamlatho kapena pachitunda. Kuwononga limu poyenda mamita 100 ndi tayala lophwa n'kotchipa kuposa kuima pamalo osaoneka. Handibuleki ikokedwe, giya ilowe, anthu atulukire kumanzere.

Kenako pamabwera ntchito imene ambiri timaizemba, yoyenda wapansi. Ku South Africa ndi ku Britain malangizo amati triangle iikidwe mamita osachepera 45 kumbuyo kwa motoka. Masamu a liwiro la 100 akusonyeza kuti pamseu waukulu ndi bwino kuwirikiza mtunda umenewo, masitepe aakulu okwana 100, ndipo ngati pali pokhota, chenjezo likhale kusanafike pokhotapo. Triangle yachiwiri ipite kutsogolo, pakuti miseu yathu yambiri ndi ya mbali ziwiri ndipo amene akupatukira motoka yanu amalowa m'njira ya obwera. Poyenda, triangle igwiridwe pachifuwa kuti inyezimire, ndipo munthu ayende m'mphepete akuyang'ana kumene mamotoka akuchokera. Triangle yotsamira pabampala, imene timaiona tsiku lililonse pa Kafue Road, imangokondweretsa wapolisi.

Nthambi ikadali ndi malo ake. Masana imaoneka bwino, aliyense amaimva, sifuna batire, ndipo palibe amene amaiba. Iziyalidwa m'mphepete mwa njira ya motoka, kuyambira kutali, ikhale ya masamba osati chipika. Akuluakulu amati wakutsina khutu ndi mnansi, ndipo munthu amene wasadza nthambi n'kuyenda nayo masitepe 100 padzuwa la October kuchigwa wachitira chifundo anthu amene sadzawadziwa n'komwe.

Chifundo chimenecho chimakwanira injini ikalira. Makaniko akatseka boneti, ma triangle abwerere m'buti, miyala ichotsedwe iponyedwe kutchire, nthambi zonse zikokedwe kunja kwa mseu mbali zonse ziwiri, ndipo kabatani kofiira kadinidwenso kuti indiketa iyambe kugwira ntchito musanalowe mumseu. Kumudzi, mwambo wa maliro ukatha anyamata omwe anayala masamba ndiwo amakawachotsa, ndipo n'chifukwa chake mpaka lero wapanjinga akaona masamba a maliro amatsika osafunsa.